Lilongwe mpaka Toronto ndi maola angati enieni? Tikiti ya amayi yandizunguza mutu

Ras_wa_pa_Kamuzu_Road

Abale anzanga ndithandizeni masamu awa, mutu wanga wayima. Achemwali anga ali ku Toronto ku Canada, achira mwezi wathawu mwana wamkazi, nde awagulira amayi tikiti kuti apite akawathandize kulera kwa miyezi ingapo. Visa inatuluka bwinobwino, zimenezo tinathana nazo. Vuto ndi loti amayi sanakwerepo ndege chibadwire, ulendo wawo wautali zedi ndi wa pa basi kupita ku Mzuzu kumaliro a malume ndipo mpaka lero amaukambabe kuti unawathyola msana. Pano pakhomo onse akuyang'ana ine poti ndine wasukulu kuti ndiwafotokozere.

Tikiti ananditumizira pa WhatsApp ndakasindikiza pa Kamuzu Road ku Salima kuno. Ndi ya Ethiopian Airlines, ulendo ndi wa mu June muno. Kunyamuka pa bwalo la ndege la KIA ku Lumbadzi cha m'ma 3 masana kufika Addis Ababa cha m'ma 8 usiku, apo ndilibe napo vuto. Kenako kunyamuka Addis cha m'ma 11 usiku kufika Toronto hafu pasiti 8 m'mawa, ndawerenga ndi zala akukwana maola 9 ndi theka. Koma pobwera alemba kunyamuka Toronto 11 m'mawa kufika Addis 7 koloko m'mawa wa tsiku linalo, maola 20 amenewo!! Kampani imodzimodzi, mizinda yomweyo, zitheka bwanji kupita 9 kubwera 20, kapena pobwera amadzera kaye ku China kkkk.

Ndinayesa kufufuza pa intaneti, akuti Lilongwe ndi Toronto atalikirana makilomita pafupifupi 12,900 ndipo ndege zikuluzikuluzi zimathamanga cha m'ma 900 pa ola, ndikagawa zikundipatsa maola 14 ndi kenakake, nde pano ndili ndi manambala atatu palibe olo awiri akugwirizana.

Chinanso, popita pali pomwe alemba FCO, ndapeza kuti ndi Rome ku Italy, koma pobwera palibe. Amayi akatsika kumeneko? Sipafunika visa inanso?

Sikuti ndikungofunsa zocheza ayi. Amayi amamwa mankhwala a BP 6 koloko m'mawa tsiku lililonse osaphonya, nde 6 koloko yake idzakhala iti m'mwambamo? Komanso ayamba kale kukamba zokazinga chimanga ndi kuphika mbatata za kamba wa panjira, akuti maola 20 munthu sungadalire chakudya cha eni ake.

Kabaza_Boss

Aise nkhani yosavuta iyi, popita ndi kutsetsereka pobwera ndi chitunda, ngati mmene lole imachitira, kuchokera ku Lilongwe imangoseleleka koma ikamakwera cha ku Mvera imalira ngati ng'ombe kkkkk. Koma zoona zake ine chimandidabwitsa n'chakuti poti amati dziko limazungulira, bwanji ndege osangokwera m'mwamba n'kuima phee kudikira Canada ifike yokha pansi pake? Mafuta akanapulumuka ambiri bwanji.

Mphunzitsi_KK

Achimwene, tikiti yanu ilibe vuto lililonse. Mwangochotsera nthawi za mawotchi awiri osiyana ngati kuti ndi wotchi imodzi. Pa tikiti ya ndege nthawi iliyonse imene mukuiona ndi ya mzinda umene dzina lake lili pambalipo, yonyamukira ndi ya komwe mukuchoka, yofikira ndi ya komwe mukufika, salemba nthawi ya kwanu.

Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola. Lilongwe ili cha pa 34 kum'mawa kwa mzere wa Greenwich, Toronto cha pa 79 kumadzulo, mukaphatikiza ndi 113, kugawa ndi 15 mupeza maola 7 ndi theka, ndiye kuti dzuwa likafika paliwombo kuno iwo kukungoyamba kucha. Pa wotchi amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 7, koma kuyambira Lamlungu lachiwiri la March mpaka Lamlungu loyamba la November amakankhira mawotchi awo ola limodzi kutsogolo, nde mu June muno ndi maola 6. Addis yokha ili patsogolo pathu ndi ola limodzi chaka chonse.

Tsono tengani pensulo musinthe zonse zikhale nthawi ya ku Salima. KIA 3 masana, Addis 8 usiku yomwe kwathu ndi 7, maola 4 osati 5, paja mumati apo mulibe napo vuto koma naponso munaponya ola limodzi. Kunyamuka Addis 11 usiku kwathu ndi 10 usiku. Kufika Toronto hafu pasiti 8 m'mawa kwathu ndi hafu pasiti 2 masana. Kuyambira 10 usiku mpaka hafu pasiti 2 masana ndi maola 16 ndi theka. Pobwera 11 m'mawa ya ku Toronto kwathu ndi 5 madzulo, 7 m'mawa ya ku Addis kwathu ndi 6 m'mawa, amenewo maola 13.

Mwaona? Umene mumati waufupi ndi umene uli wautali.

Za makilomita 12,900 zija n'zoona koma ndi mtunda wongolunjika ngati mbalame, ndipo palibe ndege yonyamula anthu imene imachoka KIA kulunjika Canada. Lilongwe mpaka Addis ndi makilomita pafupifupi 2,600, Addis mpaka Toronto pafupifupi 11,500, zonse pamodzi kupitirira 14,000, pomwe kuzungulira dziko lonse ndi 40,000, nde amayi akayenda kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Choseketsa n'chakuti maola 4 oyambawo ndege imaloza kumpoto chakum'mawa pomwe Canada ili kumadzulo, mwayenda 2,600 koma pa mtunda weniweni mwadulapo 1,400 yokha. Zili ngati munthu wa kuno ku Nkhotakota wopita ku Mchinji amene wapeza galimoto yodzera ku Salima basi, ayenda ndithu koma kwinako kukadali kutali.

A Kabaza, tsiku lina mukakwera basi yaikulu ikuthamanga mudumphe m'mwamba muone ngati mukagwere ku mpando wakumbuyo. Mutera pomwe munali. Mpweya wonsewu umazungulira limodzi ndi dziko, ndege ili mkati mwake, singaime pambali n'kumaonerera.

Ras_wa_pa_Kamuzu_Road

Haa aphunzitsi mwandichititsa manyazi, ine dzulo ndawauza kale amayi molimba mtima kuti kupita n'kosavuta chovuta ndi pobwera kkkk. Ndabwereza pa pepala zikutuluka momwe mwanenera. Koma tsopano funso langotembenuka, nanga n'chifukwa chani kupita 16 ndi theka kubwera 13, mtunda ndi womwewo? Maola atatu ndi theka akulowa kuti?

Wa_boti_Senga_Bay

Ine za ndege sindinakwerepo koma funso ili ngakhale mwana wa kunyanja angayankhe. Pano mwera wayamba, nyamukani ndi boti pa Senga Bay kuloza kumpoto mwera uli kumsana, injini yomweyo mafuta omwewo mumafika msanga mpaka kudabwa. Pobwerera mukulimbana nawo maso ndi maso, mafunde akumenya kutsogolo, ulendo womwe uja umatalika ndipo mafuta amatha ngati thanki yabooka, enafe tinagonapo pa chilumba chifukwa chowerengera mafuta a popita okha. Ndikukhulupirira m'mwambamo mulinso mwera wake, basi.

NaBanda_Ontario

Ras mwana wakwathu, ine ndi wa ku Nkhotakota koma ndili kuno zaka zingapo, njira imeneyo ndaiyenda ndipo mayi anganso anabwera nayo okhaokha osadziwa Chingerezi, nde khala pansi ndikuuze.

Poyamba za Rome mtima pansi. Satsika. Ndege imatera kukamwa mafuta, ogwira ntchito m'ndege amasinthana, inu mumangokhala pa mipando yanu cha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kenako ulendo. Visa ya Italy siifunika chifukwa simutuluka n'komwe. Ine ulendo wanga woyamba malo omwera mafuta anali Dublin ku Ireland, pano ndi Rome, koma nkhani yake ndi imodzi. Chifukwa chake ndi bwalo la Bole ku Addis, lili pamwamba kwambiri, mamita opitirira 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Yerekeza, kunyanja kwathuko sitifika ndi 500 omwe, KIA ili cha m'ma 1,200, nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi 3,002, nde Addis ndi mzinda woti wakhala pafupifupi pamwamba pa phiri. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, mapiko ndi injini sizigwira mwamphamvu ngati kumunsi, ndege yodzaza anthu ndi katundu singanyamuke itamwanso mafuta okwana ulendo wonse mpaka Canada. Nde amathira okafika nawo ku Europe n'kukadzazira kumeneko. Pobwera Toronto ili pansi, sipafika ndi mamita 200, imanyamuka itakhuta n'kulunjika Addis osaima. A Kabaza pa nkhani ya chitunda munalasa pang'ono osadziwa, kungoti chitunda chake chimavutitsa popita.

Addis mpaka Rome ndi maola 6, Rome mpaka Toronto 9 ndi theka, kuphatikiza koima kuja ndi 16 ndi theka a aphunzitsi aja. Ndipo a boti sananame, kutsogolo kwa mpando uliwonse kuli kasikirini koonetsa mapu ndi liwiro, ine popita pamwamba pa nyanja ya Atlantic ndimaona manambala a m'ma 800, pobwera nthawi zina amadutsa 1,000, ndege yomweyo.

Chimene palibe anandiuza ine ndi usiku. Ndinapita mu December, tinanyamuka usiku, ndinagona, kudzuka kunja kuli bii, kudya, kugonanso, kudzuka kukadali bii, wotchi yanga ikuti 10 koloko m'mawa kwathu anthu ali kumunda koma pawindo mdima wokhawokha, ndinayamba kupemphera chamumtima kuti kapena dzuwa latisiya. Ukamapita kumadzulo umakhala ukuthawa m'bandakucha, umakutsata pambuyo pang'onopang'ono. Amayi ako poti ndi June sizidzafika pamenepo, kumpotoku nyengo ino kumacha msanga kwambiri, akangochoka pa Rome kuyera, kungoti amauza anthu kutseka mawindo kuti ena agone.

Za mankhwala, mwayi wake miyezi ino nthawi ya ku Rome ndi chimodzimodzi ndi ya ku Malawi. Adzatera cha m'ma 4 m'bandakucha, kunyamuka cha m'ma 5, ndiye 6 koloko yawo ya BP idzawapeza ali m'mwamba atangochoka pa Rome. Uwapatse wotchi ya pamkono isasinthidwe, ikhale pa nthawi ya kwathu mpaka akafike, foni usaidalire imasintha yokha ikangogwira netiweki. Akakafika 6 koloko ya kwathu ndi 12 koloko usiku kuno, sangamadzuke pakati pa usiku miyezi yonseyo, nde asananyamuke mupite nawo komwe amalandira mankhwala akawauze kasunthidwe kake, zimenezo usapange za m'mutu mwako. Mankhwalawo akhale m'kachikwama ka m'manja m'mapaketi ake momwe, osati m'chikwama chachikulu cholowa pansi pa ndege, chimenecho akachipereka pa KIA adzachionanso ku Toronto.

Kamba asavutike, chakudya chili kale mu mtengo wa tikiti ndipo amabweretsa kangapo mpaka umakana wekha, tiyi ndi madzi ukapempha amakupatsa. Botolo la madzi kapena thobwa lopitirira 100 ml amalanda pa chipata chofufuza, ndipo ku Addis amafufuzanso kachiwiri musanalowe ndege ya kuno. Chofunika kwambiri achemwali ako aimbire a ndege apemphe wheelchair, ndi yaulere, olo amayi akuyenda bwinobwino. Si nkhani ya miyendo yokha, munthu wokankha uja ndi amene amadziwa geti, amawatenga pa khomo la ndege iyi kukawasiya pa khomo la inayo, ndipo maola atatu a pa Bole amaoneka ambiri pa pepala koma madzulo ndi nthawi imene ndege za mu Africa monse zimafika pamodzi, anthu ngati msika wa tsiku Loweruka. Mayi anga anakana poyamba akuti ine sindine wodwala, pano ndi amene amalangiza anzawo ku mpingo.

Mpando upemphe wa m'mbali mwa kanjira kuti azitha kudzuka kupita kuchimbudzi osadumpha anthu, aziyendako pang'ono maola awiri aliwonse. Nsapato zikhale zokulirapo, ine ndinavula zanga titangonyamuka pofika m'mawa mapazi atatupa ngati mandasi zinakana kulowa, ndinatsika nditaponda zidendene. Uwachenjezenso za chimbudzi cha m'ndege, ukadina batani chimakoka ndi phokoso loti fwooo ngati chikumeza ndi iwe wemwe, mayi anga anatuluka chothawa chitenje m'manja kkkk. Juzi ndi masokosi asaiwale, m'ndege mumazizira ndipo ku Addis June ndi nthawi ya mvula. Pomaliza alembere pa pepala m'Chingerezi dzina lawo, komwe akupita, adiresi ndi nambala ya achemwali ako, aziika pamodzi ndi pasipoti.

Mphunzitsi_KK

A boti mwakhoza mayeso opanda kulowa m'kalasi. Mwera wa m'mwambawo amautcha jet stream, umaomba cha pa makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, momwe ndege zimadutsa momwemo, ndipo madera a kumpotowo umachokera kumadzulo kupita kum'mawa chaka chonse, nthawi yozizira umatha kudutsa makilomita 200 pa ola. Kusiyana kwake ndi mwera wathu n'koti uwu ulibe mpoto wodzaubweza, nde wopita ku Canada amalimbana nawo nthawi zonse, wobwerako umamukankha. Oyendetsa ndege popita amauzemba, pobwera amaufunafuna dala.

Ras, muwauzenso amayi asadabwe akaona pa kasikirini kaja ndege ikukwera kumpoto kudutsa Europe ngati yasochera m'malo molunjika kumadzulo. Ine ana a Fomu 2 ndimawaonetsa ndi mpira wa miyendo ndi ulusi, ikani kadontho pa Addis kena pa Toronto mukoke ulusi uthine, mudzaona ukudzera kumtunda cha ku Europe konko. Mapu a pakhoma ndi amene amatinamiza chifukwa anatambasula chinthu chobulungira. Addis mpaka Rome ndi makilomita pafupifupi 4,500, Rome mpaka Toronto pafupifupi 7,100, kuphatikiza 11,600, kusiyana ndi wolunjika uja ndi 100 yokha, ndiye Rome ili m'njira momwe, sikupatuka.

Mukawerengera kuyambira pakhomo, ngati anyamuka ku Salima 8 koloko m'mawa n'kukatera hafu pasiti 2 masana a mawa lake pa nthawi yathu, ndi maola 30 ndi theka asanaone bedi. Nambala yoti muwauze amayi ndi imeneyo, osati 9.

Dada_wa_Kariakoo

Ndingowonjezera kamodzi poti nkhani ndi ya mawotchi. Ku Ethiopia anthu wamba amawerenga nthawi ngati Aswahili, tsiku limayamba 6 koloko m'mawa, nde 7 koloko iwo amati 1 koloko, 11 usiku amati 5. Ine zinandigwera ku Dar ulendo wanga woyamba wokaoda katundu, kondakitala anandiuza kuti basi inyamuka saa kumi na mbili, ine ndi Chiswahili changa cha ku Nkhotakota chotola kwa agogo ndinawerenga bwinobwino kuti 12, ndikuti ndigona mpaka kukhuta, kumeneko akunena 6 koloko m'mawa, anandidzutsa ndi mnzanga basi ikulira kale injini ndinathamanga mswachi uli kukamwa. Pa eyapoti pa Bole masikirini ndi boarding pass zimalemba nthawi yomwe tonse timaidziwa, nde amayi akhulupirire zolembedwazo osati kufunsa munthu wongodutsa kuti nthawi ili bwanji.

Ras_wa_pa_Kamuzu_Road

Zikomo nonse, anthu inu mwandipulumutsa. Madzulo ano ndinakhala nawo amayi pakhonde ndi pepala, ndajambula mzere ndi nthawi ya kwathu yokhayokha, Lumbadzi, Addis, Rome, Toronto, pa 6 koloko ndaikapo kamtanda ka mankhwala. Wotchi tapeza ya malemu bambo inali mu sutikesi, ndakaikitsa batire pa msika ikuyenda. Kuchipatala tipita Lachiwiri. Achemwali ayimba kale za wheelchair, amayi anayamba kukana ndendende ngati mayi anu a NaBanda, nditawawerengera zomwe mwalemba angoti chabwino koma asandijambule.

Nditawauza maola 30 anangoti kwii kaye, kenako akuti ndi Mzuzu kangati kameneko. Za mbatata agonja, koma usipa wouma ndi ufa woyera akuti zimenezo ndi za wachikuta sizitsala olo ndege ikane kunyamuka pa Addis, a NaBanda mundiuze ngati kumeneko amalola.

Vuto latsopano ndi Rome. Atangomva dzinalo anaimika zonse akuti kwa Papa?? Pano akukana mpando wa kukanjira akufuna wa pawindo kuti akaoneko, ndawauza kuti idzakhala 4 koloko m'bandakucha ndipo eyapoti ili kutali ndi Vatican, akuti olo magetsi okha akawaone adzakhala ndi chokamba ku Mphakati.

NaBanda_Ontario

Kkkkk apatseni wa pawindo mayi, akadzafuna kudzuka adzapempha, anthu amadzuka bwinobwino. Usipa ndi ufa amange bwino m'mapulasitiki awiri awiri fungo lisalowe m'zovala, ndipo akafika anene chilichonse chodyedwa chomwe anyamula, ofufuza ndi amene aone chololedwa, choopsa ndi kubisa chifukwa akachipeza okha pamakhala chindapusa. Nyama ndi zipatso zaziwisi asayerekeze n'komwe. Ndipo iwe Ras galimoto ya ku Lumbadzi upangane nayo ya hayala, osati yodikira kudzaza pa depoti, pa KIA afike maola atatu ndege isananyamuke.